Singano za m'mafupa a Wangolo

Dzuwa linali litapendeka, ng'ombe ziwiri zitamasulidwa kale pagoli, ndipo Mzime anali kuanula zovala pachingwe uku akukalipira nkhuku ina yamwano imene inkafuna kugona m'dengu la zochapa. Mwamuna wake, amene mudzi wonse unkangomutchula kuti Wangolo chifukwa cha ntchito yake, anawerama kuti anyamule ndowa ya madzi akamwetse ng'ombe zakezo. Ndowa wamba, yosadzaza n'komwe.

Thyo!

Mzime anatembenukira kumtengo wa kuseri kwa khola, kuyesa nthambi youma yagwa. Mtengo unali chiimire ndi nthambi zake zonse. Amene anali pansi anali Wangolo, atagwada m'matope a madzi otayika aja, dzanja lili m'nthiti, kukamwa kuli yasa koma mawu osatuluka.

"Chathyoka n'chiyani?" anafunsa Mzime.

"Ine."

"Inu, musayambe nthabwala zanu madzulo ano."

"Mayi, ndikuti ndathyoka ine. Bwera udzagwire apa."

Anagwira. Pansi pa khungu panali kanthu kogwedera, ngati chogwirira cha kapu chimene chatsala pang'ono kuchoka.

Kuti mumvetse mantha amene anamugwira Mzime, muyenera kumudziwa kaye Wangolo. Bambo ameneyu ngolo ikatitimira m'matope ankamasula ng'ombe, n'kuziuza kuti zipume kaye, iye n'kulowa m'goli yekha. Amati tsiku lina ananyamula ng'ombe yodwala pamapewa mpaka kwa dokotala wa ziweto. Amene anaona ndi maso amati anali mwana wa ng'ombe, koma mwana wa ng'ombe ameneyo wakhala akukula chaka ndi chaka m'kamwa mwa anthu, moti pano ali ndi nyanga zotalika mkono. Ndiye munthu wotero n'kuthyoledwa ndi ndowa?

Komanso sanali woyamba. Mvula ya chaka chathacho, wosula zidebe wa kumsika anathyoka mkono akukhoma chivundikiro cha poto. Osati kuti nyundo inamumenya, ayi. Anangoikweza m'mwamba, mkono n'kupindika pamalo pamene Mulungu sanaikepo chigongono. Anagona miyezi inayi, n'kupita. Atangoikidwa m'manda, mphunzitsi wopuma uja, wamtali ngati mtengo wa magetsi, anayamba kudandaula msana. Ankamwa madzi ngati ng'ombe ludzu osatha, ankakodza thovu ngati wina wathira sopo m'chimbudzi, ndipo m'chipinda chake munkamveka kafungo kena kake ngati ka chitsulo chonyowa. Amene anamunyamula popita kumanda anabwerako ali duu. Mmodzi yekha, atamwa pang'ono, ndiye anaulula: "Bokosi lija linali lopepuka ngati mulibe munthu."

Kuyambira pamenepo, pamjigo sipankakambidwanso zina.

"Pali chimene chikuyamwa amuna m'mudzi muno."

"Kuyamwa magazi?"

"Za magazi n'zakale, inu. Ichi chimayamwa zam'kati mwa fupa, munthu n'kutsala bango."

"Tsitsani mawu. Uyo akubwera apoyo ndi mng'ono wake."

Mng'ono wake ameneyo anali Mzime, ndipo amene ankamujedayo anali mkulu wake, mayi amene aliyense ankangowatchula kuti a Telala. Ndiwo analera Mzime mayi awo atamwalira: kumusambitsa, kumumeta, kumukwapula, mpaka kumusokera diresi la ukwati. Iwo eniake anakwatiwapo kamodzi, koma mwamunayo anapita m'tauni kukagula mabatani ndipo mpaka lero akusankhabe. Ankakhala okha m'kanyumba ka m'mbali mwa msewu, chipinda chakutsogolo makina osokera, chakumbuyo bedi.

Kulemba sankadziwa, ndiye miyeso ya anthu ankaisunga mwanjira yawoyawo. Munthu aliyense anali ndi chingwe chake. Mfundo yoyamba ya mapewa, yachiwiri ya m'chiuno, yachitatu ya mwendo, kumapeto kachidutswa ka nsalu ya chovala chimene mwini wake anasoketsa koyamba. Zingwezo zinkalendewera pamisomali khoma lonse, mudzi wathunthu uli lende, kuyambira abusa mpaka chidakwa cha pamlatho. Mphepo ikalowa pazenera zinkagwedezeka zonse pamodzi ngati anthu ozizidwa. Zaka makumi awiri palibe amene anaonapo choipa pa zingwe zimenezi. Anthu ankachita kuseka: "A Telala, mwandipachika pafupi ndi apongozi anga, tandisunthani."

Vuto la a Telala linali pakamwa. Chimene chingwe chawauza, ankanena pomwepo, kaya pali anthu kaya palibe. Wosula zidebe atabwera ndi thalauza lake, anamuyeza n'kunena kuti, "Mwafupikatu bambo, zala ziwiri," n'kumasula mfundo ya pachingwe chake, n'kuisendeza. Mphunzitsi anamuuza kuti zala zitatu. Ndipo mphunzitsi ataikidwa kale m'manda, kutatsala mwezi umodzi kuti ndowa ija ichite zake, Wangolo nayenso anapita kukapinditsa thalauza, Mzime ali pomwepo.

"Alamu, imani mowongoka," anatero a Telala.

"Ndawongoka."

"Ndiye kuti mukubwerera kuumwana. Thalauzali silinatalike lokha."

"Ndi mng'ono wanuyu, akundikhalira pamutu," anatero Wangolo akuseka.

A Telala sanaseke. Anamasula mfundo, n'kuisendeza, kenaka n'kumuyang'ana Mzime nthawi yaitali.

Anthu sanachedwe kulumikiza. Akafupikitsa chingwe, munthu amatsatira. Ena ankalumbira kuti mudzi wonse ukagona makina aja amalira okha, tete-tete-tete, koma ukasuzumira pazenera nyale yozima. Ena ankati agalu akafika pakhonde paja amalambalala mchira uli pansi. Mayi wina anati anaona chingwe cha malemu mphunzitsi chikudontha mafuta. Mayi yemweyo ndi amene anaonapo nsomba ikuyenda pamsewu, koma ulendo uno anthu anamukhulupirira.

M'mawa mwake mwa tsiku la ndowa lija kunabwera mng'ono wake wa Wangolo, mwini chigayo, amene ankatchedwa Wachigayo. Anali woyera mbuu ndi fumbi la ufa kuyambira tsitsi mpaka nsidze, maso okha ndiwo ofiira. Analowa kukaona mkulu wake, n'kutuluka, n'kumuitanira Mzime kuseri kwa khola.

"Alamu, mkulu wanu uja mukacheze naye."

"Ndikacheze nawo zotani?"

"Amasule zimene wamanga."

"Asisi amamanga zingwe za mathalauza, osati anthu."

"Awiri takwirira tili chete. Uyu ndi wa bere limodzi ndi ine. Akangotseka maso, kanyumba kaja sikaona dzuwa lina, ndi mwini wake yemwe."

Mzime anatsala ataima, ntchentche zikumuzungulira. Kenaka anakumbukira chinthu chimodzi: awiri aja palibe amene anafika kuchipatala chachikulu. Ankangomwa timapiritsi topha ululu ta pagolosale mpaka kufa. Ngati matendawa ali ndi dzina la kuchipatala, lolembedwa papepala ndi chidindo, ndiye kuti asisi ake apulumuka. Tsiku lachitatu anamugoneka Wangolo pamatiresi kumbuyo kwa lole ya njerwa, dalaivala atalonjeza kuti mabampu aziwapempha chilolezo asanawakwere.

Chipatala chachikulu chinali ndi makonde aatali onunkha mankhwala okolopera, ndi mabedi a matayala olira kwii-kwii ngati mbewa. Anamutenga magazi, anamutenga mkodzo, anamujambula mafupa. Adokotala, mayi wachitsikana wovala nsapato zosamveka poyenda, anakweza chithunzi cha mutu wa Wangolo pagalasi lowala. Mzime anagwira pakamwa. Chigaza chonse chinali timabowo timabowo, tozungulira bwinobwino, ngati nyemba zofumbwa.

"Ndani waboola?" anafunsa.

"N'zimene tikufuna kudziwa, mayi. Tiyenera kutengako mafuta a m'mafupa tikawayeze."

Anamugoneka Wangolo chammbali, n'kumubaya jekeseni wochititsa dzanzi kumbuyo kwa chiuno. Kenaka adokotala anatenga chisingano chonenepa ngati msomali wa malata, n'kuyamba kupotokola. Mzime anamva ndi makutu ake chitsulo chikulowa m'fupa, kwe, kwe, kwe, ngati kalipentala akuboola thabwa lofumbwa. Adokotala analumikiza chokokera, n'kukoka. Palibe. Anasendeza pang'ono, n'kukokanso. Chokokera chinabwerera chili mbee, chopanda ngakhale dontho.

"Sakutuluka," anatero adokotala kwa namwino.

Mzime anasuzumira chokokeracho. "Mulibe? M'fupamo mulibe kanthu?"

"Alimo, mayi. Nthawi zina amakhala atagwirana kwambiri moti sakokeka. Zimachitika. Tingodula kachidutswa."

Anadula kachidutswa kofiira, kotalika ngati kamtengo ka machesi. Mzime analumbira mumtima kuti zoti chokokera chinatuluka chouma sadzauza munthu kumudzi, ngakhale nkhuku.

Anadikira masiku asanu. Tsiku lachisanulo, atatopa ndi kuuzidwa kuti mawa, anatsata yekha khonde mpaka kuchipinda choyezera. Munali fungo la spiriti, filiji ikung'ung'udza pakona, ndi timagalasi tating'ono tambirimbiri titayanikidwa pathebulo ngati tinsomba. Mwini chipindacho anali bambo wachikulire amene anamwino ankamutchula kuti Magalasi, chifukwa magalasi ake anali okhuthala ngati matako a botolo. Zala zake zinali zofiirira ndi utoto wa ntchito yake. Tsiku limenelo anali ataitana anzake atatu, onse akusinthana kusuzumira m'makina a maso awiri oonera tinthu tosaoneka, iye akuvinavina kumbuyo kwawo ngati wawina mpira.

"Ndinu akazi awo a bambo a nthiti aja? Bwerani, mayi, bwerani! Kachidutswa kaja ndinakadinda pagalasi, ndipo taonani nokha. Tsinzinani diso limodzi ngati zikuvuta."

Mzime anawerama. Poyamba anangoona kuwala. Kenaka zinabwera: tinthu tozungulira tofiirira, tothithikana ngati anthu m'basi, kalikonse kali ndi diso lake lakuda chakumbali. Ndipo m'kati mwa tinthu timeneto, ndi m'mipata mwake, munali singano. Zowongoka, zopyapyala, zosongoka mbali zonse ziwiri, zina zitagona m'mitolo ngati zangotuluka m'paketi, zina zitapingasana.

Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda filiji.

"Zimenezi ndi singano."

"Zimangooneka choncho!" anatero Magalasi akuseka. "Si zachitsulo ayi. Onani, tozungulira timeneti ndi tiantchito ta m'fupa, timapanga mankhwala oteteza thupi. Mwa amuna anu tapenga. Tikuswana mosalekeza, tikudya fupa, ndipo tikupanga mankhwala amtundu umodzi okhaokha ochuluka zedi, mpaka ena amauma n'kusongoka, monga umachitira mchere madzi akaphwa. N'tating'ono moti chikwi chingakwane pansonga ya tsitsi. Ndi khansa ya mafuta a m'mafupa. Dzina lake mayeloma."

"Ndiye ndi matenda a kuchipatala? Enieni?"

"Enieni, a m'buku."

"Munawaonapo?"

"Matendawo kambirimbiri. Koma tisingano timeneti?" Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Zaka makumi atatu ndili pampando uno, ndinkangotiona pachithunzi. Amuna anu ndi oyamba."

"Nanga kwathu kunamwalira ena awiri, ofanana..."

"Amenewo sindinawayeze, mayi. Sindinganame."

Mzime anaganiza za Wachigayo, amene sankakhulupirira chinthu asanachione ndi maso. Anatulutsa foni yake yong'aluka galasi. "Mungandijambulire? Ndikawaonetse achibale kuti ndi matenda." Magalasi, mokondwa kuti wina wayamikira ntchito yake, anagunditsa foniyo padiso la makina n'kujambula, mpaka kubwereza kawiri kuti ziwale bwino.

Adokotala anawapatsa mankhwala ndi tsiku lobweranso. Anati mankhwalawo angachepetse ululu ndi kuchedwetsa matenda, koma kuwachotseratu ayi. Analankhulanso ndi Wangolo payekha, Mzime atapita kukatenga mapiritsi. Pobwerera pa lole, Wangolo ankaimba nyimbo zake zoyendetsera ng'ombe, motsitsa, kuopa nthiti.

Masiku atatu oyamba kumudzi kunali bata. A Telala ankabwera m'mawa uliwonse kudzathandiza kumutembenuza wodwala ndi kuchapa nsalu zogonera. Tsiku lachinayi Wachigayo anawapeza akuyanika, ndipo anayamba kukuwa pabwalo mpaka anansi anasonkhana.

"Mfiti ikuchapa zofunda za munthu amene ikumudya! Alamu, mwapenga?"

A Telala anangopukuta manja n'kumapita kwawo. Mzime anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi pepala la kuchipatala. "Werengani! Ndi khansa! Pali chidindo apa!"

Wachigayo analitembenuza uku ndi uku, n'kusiyapo zala zoyera. "Chizungu ichi aliyense angalembe. Iwowo anaona chiyani?"

Apa ndi pamene Mzime anatulutsa foni.

Wachigayo anayang'ana. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Foni inachoka m'manja mwake kupita m'manja ena, ndi ena, aliyense akaona n'kupukuta dzanja pachovala.

"Singano," wina ananong'ona.

"Si zachitsulo!" anakuwa Mzime. "N'zazing'ono, zili ngati mchere, zimapangidwa ndi..."

"M'mudzi muno amasunga singano m'mitolo ndani?" anafunsa Wachigayo, motsitsa kwambiri.

Foni isanabwerere kwa mwini wake, wina anali atadzitumizira kale chithunzicho. Pofika masana chinali pamjigo, kumsika ndi kuchigayo. Pofika madzulo singano zija zinali zitakula kufika pa zosokera matumba, ndipo panali munthu amene msuweni wake anamva ndi makutu ake zikugwera m'mbale ya adokotala, ngwe, ngwe, ngwe.

Dzuwa likulowa Mzime anathamangira kukanyumba ka m'mbali mwa msewu. Anawapeza a Telala akupinda siketi ya mwana wasukulu, mapini ali kukamwa.

"Asisi, ndalakwitsa. Ndimafuna kukuyeretsani, koma ndakupakani matope."

"Tione."

Anaitenga foni n'kuiyika patali ndi maso, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analavulira mapini m'dzanja.

"Izi ndi za nsalu yolimba. Zopanda mabowo, komabe. Ulusi ungalowe pati?"

"Asisi, musaseke! Akubwera mawa. Thawani."

"Ndithawire kuti ndi makina olemera chonchi? Ukwati ndakhala ndikuwasokera, maliro ndakhala ndikuwasokera. Abwere."

Kamphepo kanalowa pazenera, khoma lonse la zingwe n'kuyamba kugwedezeka. Mzime anapeza kuti maso ake akufunafuna chingwe chake, chija cha kachidutswa ka nsalu yobiriwira. Anachipeza chili pafupi ndi cha Wangolo, ndipo anadzigwira akuwerenga mfundo zake.

"Nawenso ukufuna kundifunsa," anatero a Telala osatembenuka.

"Ayi."

"Funsa. Mlomo wako ukunjenjemera ngati tsiku lija unaswa galasi la amayi."

"Munadziwa bwanji? Onse atatu?"

"Munthu wamkulu safupika chabe, Mzime. Ndayeza anthu moyo wanga wonse. Ndinkanena kuti wina amve apite kuchipatala. Wamva ndiwe wekha."

Yankho linali labwino. Mzime analitenga n'kupita nalo kwawo, akulitembenuza m'mutu njira yonse, ndipo sanamvetse chifukwa chake msana wake unkazizirabe.

Anthu anabweradi m'mawa, mame asanaume. Mzime anamva phokoso ali kukhola, ngati la njuchi zikusamuka, n'kusiya chingwe cha ng'ombe n'kuthamanga. Anapeza msewu wadzaza: amuna ndi zibonga, amayi ndi ana kumbuyo, mkazi wamasiye wa mphunzitsi ali kutsogolo akulira. A Telala anali ataima pakhomo pawo, tepi yoyezera ili m'khosi ngati tsiku lina lililonse. Mzime anadutsa pakati pa anthu n'kukaima patsogolo pawo.

"Mwabwera bwino, alamu," anatero Wachigayo. "Inu ndi amene munali kuchipatala. Sitikufuna kulakwira munthu. Muyankhe pamaso pa anthu onsewa, Mulungu akumva. Adokotala atabaya fupa koyamba, anapeza kanthu?"

Mzime anadabwa kumene Wachigayo anazimva. Iye za chokokera chouma chija sanauze munthu. Koma Wangolo, ndi pakamwa pake pa nthabwala, anali atamusimbira mng'ono wake zoti anamuboola kawiri ngati chitsime cha chilimwe.

"Anati zimachitika, mafuta akagwirana..."

"Anapeza kapena sanapeze?"

"Sanapeze."

Anthu anang'ung'udza.

"Singano munaziona ndi maso anu, kapena foni yanama?"

"Si singano zenizeni, ndi..."

"Munaziona?"

"Ndinaziona."

"Woyeza uja, amene akuti wakalambira pa ntchito imeneyo, anati anazionapo mwa munthu wina?"

Mzime anatembenuka kuyang'ana mkulu wake. Bodza linali pafupi, kalilime kamodzi kokha. Koma maso mazana anali pa iye, ndipo kuzizira kwa dzulo kuja kunali kudakali pamsana. Anachedwa. Kuchedwa kumeneko anthu anakumva.

"Anati... anati ndi koyamba."

Chimene chinatsatira chinali ngati khola lathyoka. Anthu anamukankhira Mzime kumbali n'kudzazana m'kachipinda kaja, aliyense akufuna chingwe chake. Ankakanganirana, kupondana, wina kukuwa kuti, "Chimenecho n'cha amuna anga, siya!" Wina anakoleza moto panja kuti azitenthe, koma atafika pamoto aliyense anaima. Ukatentha chingwe chako, iwe utsala? Ukachidula? Anangoti njo mozungulira moto, bambo ndi ndevu zake atafumbata kachingwe pachifuwa ngati khanda, osadziwa kochiika. Mantha amenewo ndiwo anasanduka mkwiyo. Amuna anayi anatulutsa makina aja n'kuwaponya pamsewu. Analira kamodzi, gwengwelele, gudumu lake n'kugubuduka lokha mpaka m'ngalande.

Mwala woyamba unagwa padenga. Wachiwiri unawapeza a Telala pamwamba pa diso. Mzime anawakumbatira, wachitatu n'kumugwera iye paphewa.

"Ndipheni ine! Foni ndi yanga! Ndinajambulitsa ndine!"

Mwamwayi, lole ya njerwa ija inatulukira pakona ikuliza hutala kuti anthu apatuke. Dalaivala ataona magazi sanafunse zambiri, anangotsegula chitseko. Mzime anawakoka a Telala, n'kuwakankhira m'mwamba, nsapato imodzi n'kutsala pansi.

"Asisi, ndikhululukireni. Ndikanati anazionapo."

A Telala anapukuta magazi ndi tepi yawo. "Wanena zoona. Ndinakuphunzitsa ndine, ndi lamba." Lole inayamba kuyenda. Anatulutsa mutu pazenera. "Pansi pa matiresi anga pali phukusi lako. Katenge asanayatse."

Fumbi linawameza.

Nyumbayo sanaiyatse. Wachigayo atapenya magazi pakhomo mkwiyo unamuthera, n'kuyamba kuuza anthu kuti basi, choipa chachoka, aliyense azipita. Anabalalika mmodzimmodzi, zingwe zili m'matumba. Mzime analowa m'chipinda chakumbuyo, n'kukweza matiresi, n'kupeza phukusi lokutidwa ndi nyuzipepala yakale. Sanalitsegule. Anayenda nalo mpaka kwawo akulira mokweza ngati mwana, osasamala amene akumuona.

Wangolo anali chigonere, atatsamira mapilo atatu, nkhope itatsala maso okhaokha. Anali atamva zonse. Phokoso linafika mpaka pabedi.

"Apita?"

"Apita. Ndawathamangitsa ndine ndi pakamwa panga."

"Ndi panga pomwe. Zachitsime zija ndikanangomeza." Anapuma movutika. "Wanyamula chiyani?"

Mzime anakhala m'mphepete mwa bedi n'kumasula. M'nyuzipepala munatuluka diresi lakuda bii, la manja aatali, ndi mpango wake wakuda. Losokedwa mosamala kuposa la ukwati lija, msoko uliwonse uli mwaa. Diresi la mkazi wamasiye.

Analiponya pansi ngati lamuotcha. Kuzizira kuja kunakwera kuchoka pamsana mpaka m'tsitsi.

"Inu muli moyo! Mukupuma! Ndiye iwo... ndiye anthu aja..."

"Tola, mayi. Tola, lida." Wangolo anayesa kuseka, nthiti n'kumuletsa. "Ndinawapempha ndine. Dzana, iwe utapita kumjigo. Adokotala aja anandiuza zoona ndili ndekha. Ndinati, alamu, mng'ono wanuyu asadzavale zobwereka pa tsiku langa, anthu angamuseke."

Mzime anagwada n'kulitola, n'kukwiriramo nkhope. Linkanunkha mafuta a makina ndi sopo wa asisi ake. Analira mpaka mawu kutha: mayi amene anamulera, ali pa lole ya njerwa ndi nsapato imodzi, chifukwa cha iye. Mawa akwera basi yoyamba, akawafunafuna, akawagwadira.

Kenaka, akupukuta maso, chinthu china chinamugwira. Anayang'ana mapindiro ake, mabatani khumi ndi awiri okutidwa ndi nsalu limodzilimodzi, timaluwa takuda tosokedwa pamanja kuzungulira khosi. M'mapindo a diresilo munali mizere yozama, ya chovala chimene chagonedwa pamwamba nthawi yaitali.

"Mwati dzana? Ntchito iyi si ya masiku awiri."

Wangolo anasiya kumwetulira. Anayang'ana kudenga.

"Nanenso ndinawafunsa kuti adzamaliza liti."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anandisisita dzanja, n'kunena kuti, musavutike alamu, ndinasoka kale. Ndinamaliza tsiku limene tinaika mphunzitsi."